Mmene Ndinaphunzitsira Apongozi Anga Kompyuta

Sabata yanga yoyamba pa ntchito ku Joni ndinasokoneza makompyuta asanu ndi atatu popanda kuyatsa ngakhale imodzi.

Anandilemba ntchito yosesa pa kafe ya intaneti, kachipinda kakatali komwe anthu ankabwera kudzatumiza makalata ndi kusindikiza mapepala. Mwini wake anali bambo wamfupi wa ku Bangladeshi. Tonse tinkamutchula kuti Bhayi, chifukwa iyenso aliyense ankamutchula choncho. Mmawa wina akupita kukagula mapepala anandisiyira kansalu ndi kabulashi, nati ndipukute makiyibodi, zolembera za mabatani zija. Ndikupukuta, batani limodzi linazuka. Pansi pake ndinapeza nyenyeswa za buledi, tsitsi ndi fumbi la zaka. Ine ndine munthu waukhondo. Ndinazula mabatani onse ndi kuwatsuka m'beseni.

Pobwezeretsa ndi pomwe nzeru zinandipweteka. Ndinali nditaona kale kuti zilembozo zinali zosokonekera: Q pambali pa W, B kutali ndi A ngati anayambana pa maliro. Ndinati mumtima, amene ankatsuka ndisanabwere anali wosaphunzira. Tsono ine, munthu wowerenga mabuku, ndinaziyala bwinobwino, A, B, C mpaka Z, pa makina onse. Kenaka ndinaima pakhomo kudikira kuyamikiridwa.

Woyamba kulowa anali mayi wa ku Zimbabwe amene ankalemba kalata yofunsira ntchito. Anadina A, pa sikirini panatuluka Q. Anasamukira pa kompyuta ina, chimodzimodzi. Pofika pa yachitatu anatola chikwama chake nati malo ano alodzedwa. Bhayi atabwera anayang'ana kiyibodi nthawi yaitali, nayang'ana ine, kenaka anaseka mpaka kukhala pansi. Anakaitana msuweni wake wa golosale yoyandikana kuti adzaone. Sanandichotse ntchito. Anandipatsa kiyibodi ya pa tebulo lake, yomwe inapulumuka m'manja mwanga, nati ndizionera imeneyo ndibwezeretse zonse. Ndinatha tsiku lathunthu. Pomaliza ya chisanu ndi chitatu, ndinali nditadziwa kumene chilembo chilichonse chimakhala, osayang'ana. Anzanga a ntchitoyi anayamba ndi satifiketi. Ine ndinayamba choncho.

Kwathu ndi kumtunda, koma ndinakwatira kufupi ndi Nkopola, ndipo monga mwa mwambo ndinakamanga nyumba pamudzi pa akazi anga, Asiyatu. Sukulu ndinalekeza fomu thu. Ndinkathirira maluwa pa loji ina, ndipo chomwe ndinkakonda pa ntchitoyo chinali mabuku omwe alendo ankaiwala m'zipinda. Ndinkawerenga chilichonse: buku la mbalame, buku la kaphikidwe ka zakudya zomwe sindinazionepo, ndi nkhani ina ya wapolisi yomwe masamba ake omaliza anadyedwa ndi chiswe. Mpaka lero sindidziwa kuti anapha munthu uja ndani.

Loji itachepetsa antchito, ine ndili m'gulu la ochotsedwawo, Asiyatu anali ndi pakati. Kwathu kuno mwamuna amene sanapondeko ku Joni amaoneka ngati sanamalize kukula, ndiye panalibe zambiri zokambirana.

Mayi ake a Asiyatu, Abiti Kasimu, ndi munthu wosunga mwambo wakale mosaphonya. Mkamwini ndi apongozi ake aakazi sakhala pa mkeka umodzi, sayang'anana kumaso, salankhulana mwachindunji. Tikakumana panjira wina ayenera kupatukira kutchire, ndipo wina ameneyo nthawi zonse ndinali ine. Miyendo yangayi ili ndi zipsera za minga zochitira umboni. Tsiku lonyamuka iwo anaima kuseri kwa khitchini, ine ndinagwada pabwalo, Asiyatu pakati.

"Uwauze ayende bwino," anatero apongozi.

"Akuti muyende bwino," anatero Asiyatu, ngakhale ndinali nditamva ndekha.

"Auzeni ndathokoza."

"Uwauzenso kuti kumeneko kuli akazi ambiri, koma mkazi amusiya kuno."

Mawu amenewa Asiyatu sanabwereze. Anangondiyang'ana, ndipo anafika bwinobwino.

Tinayenda masiku atatu pa basi ya thiransipota, munthu wonyamula anthu ndi katundu pakati pa Mangochi ndi Joni. Ndinafika mapazi atatupa, nsapato zili m'manja. Chipinda chomwe anandilandiramo tinkagonamo amuna asanu ndi awiri, tonse a m'mbali mwa nyanja, moti ukatseka maso unkangomva Chiyao ngati uli pa doko. Mkulu wathu anali Che Bwanali a ku Makanjira, msodzi wakale, munthu wa mapewa odzaza khomo. Ndiwo anandiphunzitsa malamulo a mzindawo.

"Ukaona apolisi usathamange," anatero. "Ndipo uleke kupereka moni kwa aliyense mumsewu. Dzulo wapatsa moni anthu makumi atatu, awiri anagwira matumba awo."

Za kuzizira palibe anandichenjeza. Mwezi wa Juni ndinkavala zovala zanga zonse nthawi imodzi, moti sutikesi inkatsala yopanda kanthu. Madzi otawazira popita ku swala, mapemphero a kumzikiti, ankacheka ngati lumo. Koma thiransipota akabweretsa kathumba ka usipa wouma kuchokera kumudzi, linali tsiku la chikondwerero. Tinkatseka zenera kuti fungo lisathawe, ndipo mwini nyumba ankagogoda kufunsa ngati mwafa chinthu.

Buku langa la kompyuta ndinalipeza pansi pa mwendo wa tebulo ku kafe kuja, likuchirikiza kuti tebulo lisagwedere. Ndinaikapo njerwa, buku ndinatenga. Linali lonenepa, lopanda chikuto, ndiponso lakale kuposa makina athu, moti nthawi zina linkandituma kukadina batani lomwe linamwalira kalekale. Komabe mmawa uliwonse ndinkafika ola lathunthu tisanatsegule, kusesa mothamanga, ndi kukhala pa kompyuta ya pakona buku lili pamwendo. Tsiku loyamba kulemba dzina langa ndinalikulitsa mpaka linadzaza sikirini yonse, kenaka ndinalephera kulichepetsa. Bhayi analipeza choncho, nati bola tsopano akudziwa kalembedwe kake.

Pang'onopang'ono makasitomala anayamba kuitana ine m'malo mwa iye. "Malawi, tabwera, pepala langa lasowa." "Malawi, chithunzi chikukana kupita." Tsache ndinkaligwirabe, koma nthawi zambiri linkatsamira khoma.

Wophunzira wanga woyamba anali Che Bwanali. Anamva za ntchito ya ulonda pa geti la nyumba yosungiramo katundu, koma mlonda wake ankayenera kulemba manambala a galimoto mu kompyuta. Anabwera Lamulungu mmawa, nasuzumira uku ndi uku kuti aone ngati pali munthu wa kwathu.

"Achimwene," ananong'ona, "ukauza aliyense kuchipinda, ndikuponya pazenera."

Munthu amene ankakoka khoka pa mafunde a mwera ankaopa mausi, kanthu kosunthira kamuvi pa sikirini. Ankainyamula m'mwamba ndi kuiloza ku kompyuta. Ikafika kumapeto kwa tebulo ankapitiriza kuiyendetsa pa ntchafu. Ndikati adine kawiri mofulumira, pakati pa kudina koyamba ndi kwachiwiri munthu ukanatha kumwa tiyi. Mapeto ake ndinaika dzanja langa pamwamba pa dzanja lawo, tinayendetsa limodzi, ndipo zinatheka. Ntchito ija anaipeza. Atafika kuchipinda anauza onse kuti kompyuta ndi chinthu chophweka, amangoiopa ndi anthu amantha.

Kuchokera pamenepo Bhayi anandilola maola awiri Lamulungu lililonse. Ankabwera alonda, amayi ogwira ntchito m'nyumba, telala wina wa ku Mozambiki wa imvi mutu wonse. Pafupifupi onse tsiku loyamba ankati aiwala magalasi. Ndinaphunzira kuti munthu wamkulu saopa makina. Amaopa kuoneka wopusa pamaso pa anthu amene amamupatsa ulemu. Tsono sindinkaseka, ngakhale nthiti zinkapweteka. Ndipo njira yanga inali imodzi yomweyo: dzanja langa pamwamba pa dzanja lawo. Ndinkanyadira nayo kwambiri. Ambiri ankabweranso miyezi ndi miyezi kudzafunsa chinthu chomwe chija, ine ndinkati ndi chifukwa chondikonda.

Kumudzi ndinkatumiza zomwe aliyense amatumiza: matiresi, njinga, malata, sola. Mwana wanga Shakira anabadwa ndili komweko, nakula akundidziwa ngati mawu otuluka m'foni. Asiyatu anandiuza kuti foni ya munthu aliyense ikalira pamsika, mwanayo ankakuwa kuti, "Ababa!" Ndinaseka pa foni, koma nditadula ndinakakhala pa masitepe nthawi yaitali.

Chomwe ndinkachiopa kwambiri ndinkachiona m'chipinda mwathu momwemo. Munthu ankanyamuka kupita kumudzi ndi wailesi yaikulu ndi suti, titamutsanzika ndi nkhuku. Pakatha miyezi itatu tinkamupeza wagona pa matiresi ake omwe aja, zonse zitatha. Che Bwanali anali atazungulira chotero kasanu, ndipo ana awo ankawapatsa moni ngati alendo a boma. Ine ndinalumbira kuti ndikadzapita kwathu ndidzapita kamodzi, osabwereranso.

Patatha zaka zisanu ndi ziwiri, anthu anayamba kuchita zonse pa foni, ndipo kafe inayamba kuuma. Bhayi anaganiza zoisandutsa shopu ya zikwama za mafoni. Makompyuta asanu omwe ankagwirabe ntchito anandipatsa ine.

"Tenga, Malawi, kaphunzitse kwanu," anatero. "Koma zilembo uzisiye mmene zilili."

Mbiri inafika kumudzi ine ndisanafike, yoti ndikubwera ndi makatoni akuluakulu asanu. Ena anati ndi injini ya boti, ena anati mafiriji. Nditatsika pamsewu ndinapeza anthu ochuluka ngati pa ukwati. Tinanyamula makatoni mpaka kunyumba, ndinatsegula, ndipo anthu anasuzumira m'kati. Amalume ake a Asiyatu, Che Jafali, amene ndiwo mwini mbumba pamudzipo, anayandikira ndi ndodo yawo.

"Zimenezi zimaonetsa mpira?"

"Ayi, amalume."

"Zimaziziritsa nsomba?"

"Ayi."

"Nanga zimatani?"

"Ndi zophunzitsira anthu akuluakulu."

"Aa," anatero Che Jafali, ndipo anthu anayamba kukumbukira kuti anasiya ntchito kunyumba.

Pamudzi zinthu zinali zitasintha. Asiyatu ndinamusiya ali wamanyazi, wolankhula moyang'ana pansi. Ndinamupeza akugula usipa pa doko ndi kutumiza ku Limbe, mawu ake omveka kuchokera pa boti lachitatu. Shakira ankandithawa. Tsiku lachinayi anabwereka foni ya mayi ake, napita kuseri kwa nyumba, nandiimbira ndili pakhonde. Tinacheza bwino kwambiri.

Ndinapeza chipinda m'mbali mwa msewu chomwe kale chinali chometera tsitsi, chili ndi magetsi. Ndinalemba chikwangwani ndi dzanja langa, ndinayala makompyuta, ndinakhala pakhomo nditavala shati yoyera. Mwezi woyamba munalowa anthu ofuna kutchaja mafoni, bambo wina wofuna mthunzi, ndi mbuzi. Achinyamata ankati zonse akuzidziwa kale pa foni. Akuluakulu amene ankaifunadi kompyuta, makalaliki a m'maloji, aphunzitsi, alembi a makomiti, ankafika pa njinga, kuchepetsa liwiro, kusuzumira, ndipo akaona kuti pagolosale pali anthu akuyang'ana, ankandifunsa nthawi ndi kupitirira. Ku Joni palibe ankawadziwa ophunzira anga. Kuno aliyense ndi malume wa winawake.

Za amayi anandimasulira ndi Che Daudi, woyandikana naye nyumba, msodzi, mkamwini mnzanga pamudzipo. Anandipeza ndikupukuta fumbi pa makina.

"Achimwene, mukudziwa chifukwa chake amayi sakubwera?"

"Mwina sanaone chikwangwani."

"Anaona. Koma inu pa bawo paja munanena chiyani? Simunati ku Joni mumaphunzitsa dzanja pa dzanja, ndipo amayi a mitundu yonse anadutsa m'dzanja lanuli? Munalikwezanso m'mwamba kuti tilione. Ndani angatumize mkazi wake?"

Ndinali nditadzitsekera ndekha sukulu ndi pakamwa panga.

Ramadani itayamba, Che Jafali anandiitanitsa pansi pa mtengo wa mango. Sanakalipe. Anati mwamuna sangakhale tsiku lonse kulondera mabokosi pamene mkazi akupsa ndi dzuwa pa doko. Anati Idi ikadutsa thiransipota anyamuka, ndipo ngati sukuluyo idzakhale ilibe anthu, ndidzakwere. Mkamwini sayankha mwini mbumba. Ndinati ndamva. Madzulo ake Che Bwanali anaimba foni mosangalala kundiuza kuti matiresi anga akadalipo, amangoikapo anyezi.

Tsiku lachitatu Asiyatu anati, "Amayi akuti akufuna sukulu yanu."

Ndinaseka. Iye sanaseke.

Nkhani yake inali iyi. Apongozi anga anakhala mlembi wa gulu la amayi oyanika nsomba kwa zaka zambiri, chifukwa anafika sitandade sikisi pa nthawi imene atsikana sankapita kusukulu. Tsopano bungwe lina linapatsa gululo laputopu, nati malipoti azilembedwa pamenepo. Mayi wina wachitsikana, Abiti Yusufu, anali atayamba kale kunena pamsonkhano kuti nthawi ya bolopeni inatha. Apongozi atabwera kunyumba sanadye n'komwe futali, chakudya chomasulira kusala.

"Nanga ndiwaphunzitsa bwanji?" ndinafunsa. "Sindingakhale nawo pafupi, sindingawayang'ane."

"Akuti zimenezo ndi zanu, aphunzitsi ndinu."

"Nanga dzanja?"

"Akuti dzanja lanulo likangokhudza lawo, mukalipeza pa thandala likuuma pamodzi ndi usipa."

Tinamanga chingwe pakati pa chipinda ndi kupachikapo zitenje ziwiri za Asiyatu. Apongozi ankalowa ine nditatembenukira kukhoma, nakhala mbali ya kompyuta. Ine mbali inayo. Asiyatu kumapeto kwa chitenje, diso limodzi uku, lina uko.

"Auzeni agwire mausi, kanthu kali kumanjako."

"Akuti mugwire ako."

"Uwauze ndagwira."

"Asunthe pang'ono, aone kamuvi pa sikirini."

Ndinamva mausi ikuyenda pa tebulo.

"Uwauze kamuvi kathawa."

"Kathawira kuti?"

"Akanadziwa kumene kapita akanati kathawa?" Ameneyo anali Asiyatu, kuyankha za m'mutu mwake.

Dzanja langa linkanyamuka lokha kulowera ku chitenje. Ndinachita kulikhalira, manja onse awiri pansi pa matako, ngati mwana wolangidwa. Asiyatu nayenso ankakonza mawu panjira. Ndikati, "Alakwitsa, ayambirenso," iye ankati, "Akuti mwatsala pang'ono." Apongozi akati, "Aphunzitsi akowa akulankhula ngati wailesi yogwira masiteshoni awiri," iye ankati, "Akuti mubwereze." Tonse atatu tinkamva zonse, chitenje si khoma, koma tinkalemekeza ntchito ya womasulira.

Patatha masiku atatu otere ndinabwerera ku buku langa lakale lija, ndipo linandikumbutsa kuti kompyuta imodzi itha kuonetsa pa masikirini awiri. Ndinadutsitsa waya pansi pa chitenje ndi kuika sikirini yachiwiri mbali yanga. Tsopano ndinkaona kamuvi ka apongozi popanda kuona apongozi. Ndinafunsa Asiyatu ngati mwambo umaletsa zimenezo. Anakafunsa, nabwera ndi yankho lakuti makolo sanatchulepo za kamuvi.

Poti dzanja linali lomangidwa, ndinayenera kufuna mawu. Kudina kawiri ndinati agogode ngati pakhomo pa munthu amene amazolowerana naye, go-go, osati ngati pakhomo pa shehe. Foda ndinati ndi dengu: usipa dengu lake, utaka dengu lake, malipoti dengu lake. Kusunga zomwe walemba ndinati ndi kuthira mchere. Ukaiwala, mawa upeza zaola. Akasochera, ndinkangoyang'ana kamuvi kakuzungulirazungulira pa sikirini, ine thukuta kamukamu, mpaka atapeza okha njira. Nthawi zina zinkatenga mphindi khumi. Koma akaipeza, sankaiwalanso.

Pa masiku khumi anali akutsegula tsamba, kulemba, kufufuta ndi kusunga, zomwe ophunzira anga a ku Joni ankatha nazo miyezi. Ndinachita manyazi ndekha kuseri kwa chitenjeko. Zaka zonse zija, limene linkaphunzira linali dzanja langa. Awo ankangokwera ngati pa kabaza. Anthu aja sankabwerera chifukwa chondikonda.

Koma wophunzira mmodzi si sukulu. Che Jafali atamva, anati mlongo wawo sawerengedwa, ndi wapakhomo. Idi inatsala masiku asanu. Thiransipota anatumiza uthenga wofunsa ngati ndikufuna mpando wa pazenera.

Mmawa wina phunziro lili pakati, mayi wina anasuzumira pakhomo kuitana Asiyatu kuti boti lafika ndi usipa wambiri ndipo anzake ayamba kale kugula. "Ndikubwera pompano," anatero, ndipo anathamanga tisanaganize n'komwe. Tinatsala awiri, ine ndi apongozi, ndi chitenje.

Sindikanatha kulankhula. Iwonso sakanatha. Kutuluka kunali kosatheka, chifukwa khomo linali mbali yawo. Ndinatsokomola. Iwonso anatsokomola. Ndinayang'ana zenera ndi kuyeza mapewa anga ndi maso.

Kenaka pa sikirini yanga kamuvi kanasuntha. Kanapita pamwamba, kanatsegula tsamba latsopano, popanda wowauza. Zilembo zinayamba kutuluka chimodzichimodzi, chala chimodzi chikusakasaka pa kiyibodi. Ndinkamva batani likulira, kenaka bata, kenaka lina.

Bambo a Shakira.

Ndinakwatira mwana wawo zaka zisanu ndi zinayi m'mbuyomo, ndipo aka kanali koyamba kuti andiitane ine mwini wake. Ndinadzipeza nditatsika pampando, nditagwada pa simenti kutsogolo kwa sikirini.

Musapite ku Joni. Mwana wanga watopa kukhala mkazi wa foni.

Analakwitsa chilembo, nabwerera, nakonza. Ine mphunzitsi ndinaona kuti akonza bwino, koma sikirini inayamba kuoneka ngati yanyowa.

Za Jafali musiyire ine. Ndinamubereka kumsana ameneyo.

Panadutsa nthawi yaitali, ndinaganiza kuti amaliza. Mabatani anayambanso.

Komanso mumalankhula kwambiri. Muchepetse.

Mbali yanga kunalibe kiyibodi. Munthu amene anaphunzitsa mitundu inayi ya anthu kulemba pa kompyuta analibe poyankhira. Ndinaomba m'manja katatu, pang'onopang'ono, mwaulemu, monga timachitira polandira mawu a akulu. Kamuvi kanapita pakona, kanadina, ndipo ndinaona kuti athira mchere osakumbutsidwa.

Asiyatu anabwera mamba a nsomba ali m'manja. "Mwangokhala duu nthawi yonseyi?"

"Uwauze," anatero apongozi, "mawa abwereke mipando kumadarasa a pamzikiti."

Mmawa mwake ndinapeza pakhomo pa sukulu pali masilipasi ambirimbiri. Amayi khumi ndi mmodzi a gulu la nsomba anali atakhala kale m'kati, Abiti Yusufu ali pakati pawo, nkhope ili gwa. Ndinamva pambuyo pake kuti apongozi anayenda khomo ndi khomo kulankhula ndi amuna awo. Anawauza kuti pali chitenje, kuti aphunzitsi amakhalira manja awo, ndipo kuti iwo eni ake, apongozi a munthuyo, akhalamo masabata awiri osaona ngakhale chikhadabo chake. Umboni woposa pamenepo kulibe kuno.

Zomwe anakambirana ndi Che Jafali sindinazimve, ndipo sindinafunse. Ndikudziwa kuti tsiku la Idi, titatuluka ku swala, Che Jafali anayenda nane pang'ono, nayang'ana kumbali, nati amva kuti basi ya thiransipota yadzaza, ndiye ndiyambe ndadikira. Basiyo sinadzazepo chiyambire, anthu amakhala ndi pa katundu pomwe. Ndinati ndamva, amalume.

Amuna anabwera pambuyo, ndipo anandidabwitsa. Woyamba anali kalaliki wa pa loji ina ku Makokola, bambo wa tayi. Anayang'ana chitenje, nafunsa motsitsa mawu ngati chimenecho ndi cha amayi okha. Ndinamvetsa. Ndinagula nsalu zina ndi kutchinga kompyuta iliyonse payokha, kuti munthu azilakwitsa popanda womuona. Lero mukalowa m'sukulu yanga mungaganize kuti ndi chipatala cha amayi oyembekezera, koma mumaphunzira aphunzitsi aakulu, amalonda, ndi akuluakulu a mzikiti ndi a tchalitchi omwe. Akatuluka amapatsana moni ngati akumana mwangozi. Apongozi akadali mlembi. Tikakumana panjira ndimapatukirabe kuminga.

Tsiku lomwe basi ya ku Joni inanyamuka ndinaima pamsewu ndi Shakira kuiyang'ana ikudutsa, matumba a usipa ali pamwamba. Ndinaimbira Che Bwanali kuti anyezi akhale pomwepo. Pobwerera kunyumba ndinapeza Che Daudi atakhala pa mpanda wathu akusoka ukonde. Sindikudziwa kuti nkhani anaimva bwanji. Mwina ndinaiulula ndekha pa bawo, poti kulankhula ndinali ndisanayambe kuchepetsa.

"Achimwene, akuti apongozi anu anakuuzani mawu inu nomwe, muli chipinda chimodzi?"

"Analemba. Ine ndinawerenga."

"Ndipo akuluakulu sanati mwaphwanya mwambo?"

"Sitinayang'anane, sitinalankhulane. Aphwanya chiyani?"

Anasiya kusoka. Anayang'ana ku nyumba ya apongozi ake, kumene mayi wokalamba ankapeta mpunga pakhonde, kenaka anasendera pafupi ndi kutsitsa mawu.

"Mundilembe ine Lolemba. Awo muwalembe Lachiwiri, angophunzira kuwerenga pa galasipo basi. Pali nkhani ya mbuzi zawo ndi chinangwa changa, yandikhala pakhosi zaka khumi ndi ziwiri."